Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko masiku ano?

Ndine Yotamu. Ndikulemba ndili ku Ndeke, kuno ku Kitwe, patebulo lija munkati limagwedera ngati kambuzi kongobadwa kumene. Kalatayi ndaiyamba katatu. Yoyamba ndinaing'amba chifukwa mizere inapendekeka, yachiwiri chifukwa ndinayamba ndi kudziikira kumbuyo. Iyi ndiimaliza zivute zitani. Pa chiliza chanu pali bowo, Amayi, pamalo pomwe panayenera kukhala nkhope yanu, ndipo amene analiboola ndine. Mwina phokoso la nyundo munalimva, poti zinachitikira kumutu kwanu kwenikweni. Ndikufotokozerani zonse. Koma munkati mlendo samupatsa nkhani yoipa asanamwe madzi, choncho ndiyambe ndi za pakhomo.

Mwana wa achemwali Esinati, mdzukulu wanu wamkulu uja, anachira bwino mwezi wa Epulo. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akadzakula n'kumalakwa sindikudziwa kuti tidzamukalipira bwanji, chifukwa palibe mmodzi wa ife amene amalitchula dzinalo mokweza. Tonse timangoti agogo aang'ono. Ana anga ali bwino, kupatula chifuwa chimene sichichoka m'nyumba muno. Chimanga cha kuseri chinamera bwino, koma senta, utsi wotsamwitsa uja wa ku ng'anjo za kopa, unatsika kawiri chisanamasule, masamba n'kupserera m'mbali ngati awasita. Tinakolola chongokwanira kukazinga. Mtengo wa mapeyala umene munabzala ukubereka kwambiri, koma anthu amathyola asanakhwime. Sindiwakalipira. Ndikawaona ndi anthu omwe ndinkakwera nawo basi ya kuntchito.

Tauni yathu simungaizindikire. Madzi a pampopi amabwera akafuna. Mizati ya magetsi a mumsewu yangoima opanda mawaya. Pabwalo paja tinkaonerera mpira anthu aungapo mizere ya mbatata, ndipo wina anazula chitsulo cha golo n'kukachita mtanda wa denga la khola. Ku Ndola achemwali akuti mageti a mafakitale amera udzu mpaka m'maloko. Iwo akadali ku Chipulukusu, akugulitsa tomato ndi kholowa pamsewu.

Za ntchito yanga munachoka zikungomveka mphekesera. Zinachitikadi. Mgodi unagulitsidwa, ndipo eni atsopano anati mapu a pansi pa nthaka azijambulidwa kwina. Ofesi yathu yojambula mapu anaitseka. Zaka zonse zija za ku koleji, ndi zaka zonse zowerama pa tebulo lojambulira, zinakwana m'katoni kamodzi. Mukukumbukira kuti anzanga ankanditcha ba Mpoto, chifukwa mapu aliwonse osowa muvi wosonyeza kumpoto ndinkawabweza, ngakhale akhale a bwana. Ndinkati munthu akasokoneza mbali pansi pa mgodi amabowolera anzake madzi. Dzina limenelo mulisunge, mudzalifuna kutsogoloku.

Tsiku lotseka, katundu wakale anamuunjika pakhonde kuti akatayidwe. Ine ndinapempha kompyuta imodzi yokalamba ndi makina otchedwa sikana. Anandilembera kalata yotulutsira pageti, ndipo kalatayo ili m'Baibulo mpaka lero, kuopa kuti tsiku lina wina adzanditcha mbala. Sikana ndi bokosi lathyathyathya ngati thireyi. Pamwamba pali galasi, ndipo chivundikiro chake chili ndi nyali mkati. Ukaika pepala kapena filimu pagalasipo, kuwala kumayenda pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, kukulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenako chithunzi chimatulukira pa kompyuta. Buku lake la malangizo linasowa kalekale. Makina amenewa ndi amene akutidyetsa, poti anthu ofuna ntchito amabwera ndi masatifiketi awo kuti ndiwakonzere mapepala. Mpongozi wanu amauza anzake kutchalitchi kuti ine ndinapeza mtsikana, ndimamupukuta ndi nsalu yofewa m'mawa uliwonse n'kumufunditsa chitenje, pomwe iye sindinamufunditsepo.

Tsopano nkhani ija. Titagwirizana zomanga chiliza, achemwali anati pakhale chithunzi chanu kuseri kwa galasi, monga anthu akuchitira masiku ano, kuti agogo aang'ono akadzakula adzaone mwini dzina. Apo mpamene tinazindikira kuti m'banja lonse mulibe chithunzi chanu n'chimodzi chomwe. Buku la zithunzi lija linali ku Chipulukusu pamene khoma linagwa ndi mvula, dzinja lotsatana ndi maliro anu. Linagona m'matope masiku awiri, ndipo masamba ake anamatana n'kukhala ngati chigumu. Chitupa chanu tinachipereka potenga kalata yoikira maliro. Tinafunsa kwa abale, tinafunsa kumpingo, koma aliyense ankangoti analipo nacho koma sakudziwa komwe chinapita.

Ndinakumbukira chitini cha Abambo. Chija cha mabisiketi, chodzaza manegetivu, timafilimu takuda tija totsala akatsuka zithunzi. Inu munkawatcha mizukwa, chifukwa mukawaunika padzuwa anthu ankaoneka nkhope zoyera, mano akuda, maso ngati mabowo. Munkati, "Chotsani mizukwa yanuyo patebulo, ana adye." Abambo anali kalaliki ngakhale kunyumba. Filimu iliyonse anaiika mu envulopu yakeyake, nambala pakona, ndi mawu ofotokoza m'zilembo zawo zoima ngati asilikali. Maenvulopu analipo sikisite. Ndinauza achemwali kuti asadandaule, nkhope ya Amayi ili m'chitini, ndipo ine ndili ndi makina oitulutsira.

Ndinayamba Loweruka lina m'mawa, ndipo ntchitoyi inanditengera miyezi iwiri. Ndikufuna mudziwe mmene ndinkasamalira, osati kuti mundikhululukire ayi, koma kuti muone kukula kwa utsiru wanga. Ndinkasamba m'manja kawiri. Ndinkavala magolovesi oyera amene ndinabwereka kwa akulu a mpingo ogawa mgonero. Mazenera ndinkatseka ngakhale kutenthe, chifukwa fumbi la ku Kitwe likatera pa filimu limatuluka pachithunzi ngati mwala. Ndinkapemerera filimu iliyonse ndi kampira kaja tinkatsukira mphuno za ana. Filimu ili ndi mbali ziwiri, ina yonyezimira, ina yosanyezimira. Ine ndinaganiza kuti yonyezimirayo ndiyo yosachedwa kukandika, choncho ndinkaiyang'anitsa kumwamba kuti isakhudze galasi. Ndinkatero nthawi zonse, osaphonya ngakhale kamodzi. Chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zambiri, ndipo magetsi akazima kuwala kuli pakati pa ulendo, ndinkayambiranso. Chilichonse ndinkachilemba m'buku. Mpongozi wanu ankaitana kuti chakudya chazizira, ine n'kumakumbukira mawu anu aja akuti, "Yotamu, ukamawerenga nyemba m'mbale, anzako amatha ndiwo."

Zimene ndinaona, Amayi. Mzukwa umaoneka pa kompyuta, ukadina kamodzi zakuda zimayera, zoyera zimada, ndipo munthu amene unamuika m'manda amakuyang'ana. Ndinaona komboni yathu mipanda yake itadulidwa mofanana, misewu yopanda maenje, nyali pamzati uliwonse. Ndinaona Abambo ndi anzawo a ku ofesi atavala mataye, ndipo nditawawerenga ndinapeza kuti wamoyo palibe. Ndinadziona ndekha ndili ndi kabudula wamkulu, nditakwinya nkhope ngati mkulu wa mpingo. Pa chithunzi china Abambo anali atakhala pa desiki, cholembera chili kudzanja lamanzere. Ndinadabwa kuti zaka zonse zija sindinadziwe kuti ankatha kulemba ndi manja onse awiri. Ndinalemba m'buku kuti ndidzafunse achemwali, n'kupitiriza ntchito.

Koma inu munalibe. Kapena ndinene kuti munali paliponse, koma zidutswazidutswa. Apa mkono wanu wagwira phewa la achemwali. Apo msana wanu, mwawerama pa beseni. Pena mwaima kumbuyo kwathu, koma Abambo akudulani mutu poyesa kuti nsapato zathu zatsopano zioneke. Ndinakumbukira mmene munkathawira akatulutsa kamera. Munkati, "Jambulani ana, ine ndikudziwika kale." Envulopu iliyonse ndinkaitsegula ndi chiyembekezo, n'kuitseka nkhope yanu osaipeza. Tsiku lovundukula chiliza linali litalengezedwa kale m'mipingo iwiri.

Kenako ndinafika pa envulopu nambala fote wani. Abambo analembapo kuti: "Amayi a mpingo, Lachinayi, kuseri kwa tchalitchi. Amake Esinati wachitatu kuchokera kumanzere." Pa filimu yake panali chithunzi chimodzi chokha. Amayi asanu ndi anayi atakhala pa benchi lalitali, onse m'mabulauzi oyera ndi maduku oyera omangira pafupi ndi nsidze, njinga itatsamira khoma kumbuyo kwawo. Abambo anajambula ali patali, moti nkhope iliyonse inali yaing'ono ngati njere ya mapira. Ndinaika chala pa kompyuta n'kuwerenga mokweza. Woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndinakulitsa. Panatuluka mayi wachitsikana, maso ali gwa pa kamera, akumwetulira milomo ili yotseka, chithunzi chakuthwa bwino moti ngakhale pini wa pa bulauzi ankaoneka. Ndinati, "Amayi, mwaswera bwanji?" Ndinavula magolovesi kuti misozi isawadetse.

Ndisakunamizeni. Panali kanthu kakang'ono kondikokera kumbuyo, monga malaya akakodwa pa msomali. Mpongozi wanu atabwera kudzaona anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chipumi chimenechi sakuchidziwa. Ndinamuyankha mwaukali kuti iye anakudziwani mutakalamba kale, ndipo apa munali musanakwane zaka makumi atatu. Ndinamuonetsa envulopu. Ndinati Abambo anagwira ntchito yolemba maola a anthu zikwizikwi ndipo palibe anawapezapo ndi cholakwa. Iye anangoti chabwino, amayi ndi anu. Ndinakhulupirira pepala kuposa maso anga, Amayi, ndiponso kuposa maso a mkazi amene anakusambitsani mukudwala.

Masiku asanu ndi limodzi ndinakhala pa nkhope imeneyo. Kadontho kalikonse ka fumbi, kamzere kalikonse kokandika, ndinkachotsa kamodzikamodzi. Ndinaidziwa nkhopeyo kuposa ya mkazi wanga. Ndinakatsukitsa chithunzi pa sitolo ina pafupi ndi msika wa Chisokone, n'kupita nacho ndekha ku Ndola kwa mmisiri wa ziliza. Anachiika kuseri kwa galasi looneka ngati dzira, n'kumata ndi simenti ine nditaimirira pompo. Nsalu yophimba ndinamanga ndekha. Achemwali anapempha kuti aone, ndinakana. Ndinati adzaonere limodzi ndi anthu. Zoona zake n'zakuti chichotsedwereni ntchito palibe chimene ndinachita choti anthu anene kuti Yotamu wagwira ntchito. Ndinkafuna nsalu ikadzachoka, onse adzatembenukire kwa ine.

Anatembenukiradi.

Linali Loweruka, teni koloko m'mawa. Amayi a mpingo anadzaza minibasi kuchokera ku Kitwe. Tinagwirizana kuti wochotsa nsalu akhale mayi Mwale, mnzanu wa pamtima uja munkabwerekana naye mchere ndi singano kuyambira muli akwatibwi. Akalamba, akuyendera ndodo, koma pakamwa pakadali pomwepaja. Abusa atapemphera, amayi anayamba nyimbo, ndipo mayi Mwale anakoka nsalu. Nyimbo inayamba kufa kutsogolo, akumbuyo akuimbabe, mpaka inatsala ndi mawu a munthu mmodzi, nayenso n'kuleka. Mayi Mwale anawerama. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyandikitsa nkhope yawo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Kenako anaweramuka, n'kundifunafuna ndi maso pakati pa anthu.

"Yotamu mwanawe," anatero, "bwanji sunandiuze kuti ndinamwalira? Ndikanavala nsapato zabwino."

Ena anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Pa chiliza chanu, pamwamba pa dzina lanu ndi mawu akuti muuse mumtendere, panali nkhope ya mayi Mwale ali mtsikana, ndipo mwini wake ataima pomwepo ndi ndodo m'manja.

Mwana wawo wamwamuna anandikokera pambali. Tinakulira limodzi, tinkaimba kwaya imodzi, koma tsiku limenelo anasiya Chinyanja n'kundilankhula m'Chibemba chokhachokha, ndipo mukudziwa kuti mwana wa kwathu akatero ubale wauika pansi. Anandifunsa kuti amayi ake anandilakwira chiyani kuti ndiwaike pamanda akupuma. Anati chinthucho chichoke dzuwa lisanalowe, ndipo amayi ake akangodwala mutu, banja lawo likudziwa khomo loyambira. Achemwali anadikira tili pamsewu, anthu atatsogola, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti koleji yonse ija anandiphunzitsa chiyani, ngati mwana angayang'ane mayi wa eni masiku sikisi osazindikira kuti si amene anamuyamwitsa.

Anthu atapita kukadya, ndinabwerera ndekha ndi tchizulo ndi nyundo zobwereka. Simenti inali itagwira kwambiri. Galasi linasweka, chithunzi ndinachitulutsa chong'ambika, ndipo pomenya komaliza mwala unachita mng'alu wotsika mpaka kukhudza chilembo choyamba cha dzina lanu. Phokoso lomwe munamva ndi limenelo. Pepani.

Mawa lake sindinapite kutchalitchi. Ndinatsegula envulopu fote wani, ndili wokonzeka kuimba mlandu Abambo, munthu wakufa amene sangadziyankhire. Ndinayang'ana chithunzi chonse, osati nkhope yokha ayi. Maso anga anagwera pa njinga ija yotsamira khoma. Tcheni chake chinali kumanzere. Amayi, njinga yokhala ndi tcheni kumanzere kulibe. Ndinatenga filimu n'kuiunika pazenera. M'mphepete mwake muli timalemba ta fakitale, ndipo mmene ndinkaigonekera pa galasi, timalembato tinkawerengeka chobwerera. Mbali yonyezimira, imene ndinkaiteteza, ndiyo inayenera kuyang'ana pansi. Abambo sanalakwitse. Sankalembanso ndi dzanja lamanzere. Maenvulopu onse fote wani ndinawajambula chotembenuza, ubwana wanga wonse kumanja kuli kumanzere, ndipo ndinalakwitsa mosamala kwambiri, nditavala magolovesi. Ine ba Mpoto, wobweza mapu a anthu.

Ndinaitembenuza filimuyo. Kuwala kunayenda, njuchi ija inalira, ndipo ndinawerenganso. Woyamba, wachiwiri, wachitatu.

Ndinu, Amayi. Ndikudziwa kuti ndinu, chifukwa dzanja lili pabondo ndi lanu, chala chaching'ono chopindika chija. Koma nkhope palibe. Pa nthawi yeniyeni imene Abambo ankadina, inu munatembenuza mutu kuyang'ana kumbali. Duku lanu lachita chimbuuzi ngati utsi. Kukuoneka khutu, ndi mzere wa tsaya, basi. Phazi limodzi lili patsogolo, ngati mukufuna kunyamuka. Mayi ameneyu ndinamudutsa kambirimbiri m'masiku asanu ndi limodzi aja. Ndikukumbuka ndikudandaula mumtima kuti kodi ndani ameneyu anaononga chithunzi cha Amayi anga.

Ndayesa zonse zimene makina angathe. Ndakulitsa, ndadetsa, ndawalitsa. Ukakulitsa kwambiri zimangosanduka timadontho ngati mchenga. Chimene kamera sinagwire, palibe makina angachibweze. Maenvulopu otsala aja ndinawamaliza onse, mbali yoyenera ili pansi, ndipo akale aja ndinawabwerezanso. Muli mikono yanu, msana wanu, mthunzi wanu pakhoma. Nkhope mulibe.

Patapita sabata ziwiri ndinapita kwa mayi Mwale ndi nkhuku, kukapepesa. Ndinawapeza akutsokomola, ndipo mpongozi wawo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu asanandipatse mpando. Chifuwa n'cha tauni yonse, koma chawocho anthu akuchiwerengera kwa ine, ndipo nanenso ndimadzera njira ya kwawo tsiku lililonse kuti ndione ngati pakhomo pali bwino. Iwo eni sanakwiye. Anati nkhuku alandira, poti akufa nawonso amamva njala. Anapempha kuti chithunzi chong'ambika chija ndiwakonzere china, chifukwa sanadziwe kuti anali wokongola choncho, akanadziwa sakanakwatiwa ndi a Mwale.

Ndinawaonetsa chithunzi chonse cha pa benchi, choongoka bwino. Anatchula amayi onse mayina, mmodzimmodzi, ndi komwe aliyense anaikidwa. Amoyo atsala awiri. Atafika pa inu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati tsikulo akulikumbuka. Abambo anali ndi filimu imodzi yokha yotsala, ndipo anawaimitsa padzuwa nthawi yaitali akuyeza mapazi. Inu munali mutandisiya pa mpanda, ndili ndi zaka zinayi, mutandipatsa buku lanu la nyimbo kuti ndigwire chala pa tsamba la nyimbo yotsekera. Abambo anawerenga wani, thu, ndipo asanati firii mphepo inaphenula masamba, ine n'kukuwa kuti tsamba latayika, tsamba la Amayi latayika. Anthu onse anapirira osagwedezeka. Inu nokha munatembenuka. Akuti Abambo anakwiya kwambiri, koma inu munali mutanyamuka kale, ndipo munangowayankha chakumbuyo kuti, "Filimu mudzagula ina. Mwana uyu akayamba kuda nkhawa saleka."

Sanagule ina ya inu, Amayi. Ndipo mwana uja sanaleke.

Ndiye kuti nkhope yanu ndinaichotsa kawiri, koyamba ndi kulira, kachiwiri ndi nyundo. Mayi Mwale anandiuza nkhaniyi kuti andisangalatse, ndipo ndinawathokoza. Koma pali china chimene sindinauze munthu aliyense, ngakhale mpongozi wanu. Ndikatseka maso kuti ndikuoneni, imabwera ndi nkhope ija ndinaipukuta masiku asanu ndi limodzi. Imabwera yakuthwa, ndi pini wake, ndi kumwetulira kwake, n'kukhala pamalo panu. Ndimaikankha, imabwereranso. Mawu anu ndikuwamva bwinobwino. Fungo la mafuta amene munkadzola ndikulidziwa. Khosi lanu chakumbuyo, mmene linkaonekera mukamasita mabulauzi a Lachinayi, ndingalijambule ndi pensulo osalakwitsa. Koma ndikati ndizungulire kutsogolo kuti ndikuyang'aneni, mumatembenuka. Zaka zitatu zokha chichokereni inu. Ndikuopa kuti pofika chaka chamawa ngakhale khutu lija lidzakhala la pachithunzi, osati la m'mutu mwanga.

Munkakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, Amayi. Palibe munthu mu Ndeke muno amene wadekha kuposa ine. Mwina nkhono zina zilibe maso oti mwana ngati ine n'kuwaona.

Achemwali ayamba kundiyankha moni, koma za chiliza sitinakambirane. Ine maganizo anga ndi oti pabowopo tisaikepo china. Mmisiri akuti angathe kulitseka ndi simenti yofanana mtundu, ndi kumata mng'alu uja madzi asanalowemo. Ndikulonjezani kuti ndipita mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndikaimirira pompo mpaka ntchitoyo ithe. Chithunzi cha pa benchi ndachiika mu felemu pamwamba pa tebulo lino, njinga tcheni chake chili kumanja. Agogo aang'ono akadzafunsa kuti mwini dzina ndi uti, ndidzawawerengera kuchokera kumanzere, ndipo akadzafunsa chimene munkayang'ana, ndidzawauza zoona.

Buku lanu la nyimbo lili ndi ine. Achemwali anandipatsa pa maliro paja, ndipo silinanyowe. Sindikudziwa kuti nyimbo yotsekera tsiku lija inali iti, mayi Mwale nawonso aiwala, koma ndaika ulusi pa imene munkaikonda pochapa.

Mupereke moni kwa Abambo. Muwauze kuti envulopu yawo inali yolondola, ndi kuti mizukwa yawo yonse ndaibwezera m'chitini mwa manambala ake. Ndipo ngati kumeneko kuli wojambula, akakukhazikani pa benchi pamodzi ndi anzanu aja, akayamba kuwerenga, chonde yang'anani kutsogolo mpaka afike pa firii. Musatembenuke. Zivute bwanji kuno, ine ndikhala chete. Tsamba ndaligwira.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munamutembenukira,

Yotamu